Timabotolo ta Dingani

A Jenala anapatsidwa kiyi wa kachipinda ka kuseri chifukwa nyama inasowa poika. Ng'ombe anaiphera kumudzi ku Nkomeshya n'kuibweretsa kunyumba ya maliro ku Silverest pa kalole, koma firiji ya kukhitchini inali itadzaza kale ndi nkhuku za azimayi a kumpingo. Thupi la mwana wawo Dingani linali lisanaikidwe. Dzuwa la Okutobala nalo linkaotcha ngati likufuna kuphika nyamayo lokha.

"Amai, kuli firiji ina kuseri," anatero Mavis, mkazi wa malemuyo, mawu atasasa ndi kulira. "Ni ya vinthu vawo va kunchito. Onani ngati muli malo. Ine mutu siugwira."

Kachipindako kanalibe zenera. Pakona panali firiji yaitali ngati bokosi, ikung'ung'udza yokha. Chaka chimenecho magetsi ankabwera ngati mlendo wodutsa, koma Dingani anali ataika sola padenga, ndiye firiji imeneyi sinkagona. A Jenala atakweza chivundikiro, mpweya wozizira unawamenya kumaso. Munalibe nsomba, munalibe nyama. Munali timabokosi toyera tosanjikizana, ndipo m'kabokosi kalikonse munali timabotolo tating'ono ngati chala cha mwana, titaimirira m'mizere.

Anatola kamodzi n'kupita nako pakhomo pomwe panali kuwala. Anali magazi. Ouma gwa ndi kuzizira, akuda bii, koma magazi. Mayi amene anaberekapo sasokoneza magazi ndi chinthu china.

Sukulu a Jenala anailekera panjira, koma dzina la munthu ankatha kuliwerenga. Pa kabotoloko panalembedwa ndi dzanja la Dingani, lija lopendekera ngati udzu wa pamphepo: Abson Daka. Abson wa kutsidya kwa dambo, amene anamuika m'manda mvula yathayi. Anatola kena, dzina la mkulu wa mpingo wawo. Kena, dzina la mwini chigayo. Onse anthu a ku Nkomeshya, ena amoyo, ena anatsogola. Kenaka dzanja linagwera pa kena. Langford Sakala. Amuna awo. Bambo ake a Dingani yemweyo, amene anagwa m'munda khasu lili m'manja, osadwala, osadandaulako ngakhale mutu.

Anakhala pansi pa simenti.

Dzulo lake lomwelo, azimayi akusenda anyezi kuseri kwa tenti, mlamu wawo Ednah anali ataponya mawu ake aja oponyera kumbali.

"Aphunzitsi tiwadziwa ife. Uja wa ku Chalimbana anafa na njinga yake yomweyo. Koma uyu, matailosi mpaka ku chimbudzi. Kaya aphunzitsa chani."

Azimayi anasekera m'zitenje. A Jenala anamva, koma anachita ngati akupukuta m'maso. Nanga ndani sanamvepo za anthu olemera ndi magazi a abale awo? Amati akakupatsa chuma amakupatsanso tsiku lako, ndipo tsikulo limakupeza pamsewu. Dingani anafera pamsewu waukulu wopita ku Chipata, galimoto yake itakwinyika ngati chitini.

Ntchito ya mwana wawo sankaidziwa, ndiwo unali ulemu wake ndi vuto lake. Ankadziwa kuti amaphunzitsa pa yunivesite ku Lusaka, ndi kuti anthu amamutcha dokota. Koma akamutumizira odwala miyendo ndi a BP, iye ankangoseka n'kuwapatsa ya minibasi yopitira kuchipatala. Tsiku lina pa Khirisimasi anayesa kufotokoza. Anayamba bwino, akuti m'thupi mwa chamoyo chilichonse muli tinthu tosaoneka ndi maso timene mwana amatengera kwa makolo. A Jenala anamudula.

"Vimenevo ukauze anzako a matayi. Idya mango, afuna kuola."

Iye anaseka n'kudya mango. Sanayambirenso.

Tsopano ali pansi m'kachipinda kaja, anaganiza za Ednah. Akangolowa muno Ednah, dzuwa lisanalowe nkhani ifika ku Nkomeshya, mawa ku Katete kwa abale. Adzukulu adzakula akuloza zala. M'busa mwina akana ngakhale kupita kumanda. Mwana akachita zoipa pabwalo, mayi ndiye amafotsera. Anavula chitenje chapamwamba, n'kukulungamo timabokosi tonse, osasiyako n'kamodzi komwe. Mtolowo anaukankhira pansi pa zovala m'chikwama chawo chachikulu cha pulasitiki, chija amati ukwa. M'firiji anaikamo nyama, n'kukiya chitseko.

Pa tsiku loika, anthu anayamikira kulimba mtima kwa amake Dingani. Poona nkhope, anaima pabokosi nthawi yaitali, koma sankatsanzika ayi. Ankafufuza. Ankayang'ana pakamwa paja, pamphumi paja pofanana ndi pa bambo ake, kufuna kuona ngati pali chimene sanachione zaka zonsezi. Misozi inakana. Mavis ankagubuduka pansi, ana asukulu a malemuyo ankalira ngati amwalira ndi bambo wowabereka, koma iwo m'maso munali gwa.

Pobwerera kumudzi chikwamacho anakana kuchiika kumbuyo kwa minibasi. Anachifungatira pamiyendo. Asanafike pa Chongwe chinayamba kudontha madzi ozizira, mpaka kondakitala anafunsa ngati atenga nsomba. Atafika kunyumba anadikira masana anthu ali kumadimba, n'kulowa m'chimbudzi cha kuseri kwa nkhokwe. Anaponya kabokosi kamodzikamodzi. Ka amuna awo anakagwira kanthawi m'manja, kali kofunda tsopano, magazi akuyenda m'kati. Nako anakaponya. Pamwamba anathira phulusa.

Kuyambira pamenepo tulo tinachepa. Chithunzi cha Dingani atavala mkanjo ndi chipewa chija chokhala ndi mchira anachichotsa pakhoma n'kuchiika m'sutikesi. Akaona amake Boyd, mkazi wamasiye wa Abson, akubwera kumjigo, ankakhota njira. Ku tchalitchi ankapempherera mwana wawo ngati mmene umapempherera munthu amene ukudziwa kuti sakalowa.

Mvula yoyamba itagwa, fumbi litagona, pabwalo panaima galimoto. Anatsika Mavis, ataonda, mutu uli mpala. Naye panali mtsikana wamtali wovala thalauza ndi nsapato za chinsalu, amene anagwada bwinobwino popereka moni. A Jenala anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango.

"Amai, uyu ni Twaambo," anatero Mavis. "Anali kuphunzira pansi pa atate ake ana. Ali na vimene afuna kufunsa. Ine nafunsa onse, nayambana na mkulu wanga chifukwa cha nkhani yomweyi. Manje satenga na foni yanga."

Mtsikanayo anayamba ndi kupepesa maliro, kenaka anati, "Ambuya, m'firiji ya kuseri munali tumabotolo. Napita kukatenga, napeza muli chabe mafupa a nyama. Mwina pa maliro paja wina anachotsa, anaika pena. Olo anaika mu katoni, nifuna chabe nione."

A Jenala anagwetsa maso. Ndiye awa ndi anzake aja, abwera kudzalondola katundu wawo.

"Tumabotolo twa chani?" anafunsa, maso ali pa mphasa.

"Twa magazi a ng'ombe."

"A chani?"

"A ng'ombe, ambuya. Za kuno kwanu." Twaambo anasendera pafupi. "Kusukulu kwathu mphunzitsi aliyense ali na chake chimene afufuza. Wina ali pa chuku cha mu nshawa, wina pa malungo, wina pa vimbalanga vimene vidya chimanga. Ba Dokota chawo chinali chigodola, matenda aja obwera na nkhupakupa. Kwathu ku Monze timati denkete. Muziba mwamene achitira, khola lonse ligona pansi. Koma mupeza imodzi olo ziwiri zaimirira, zikudya udzu monga palibe chachitika. Ba Dokota anali kufuna kudziwa chimene zimenezo zinabadwa nacho. Chili mu magazi. Akachipeza, anthu adziwa ng'ombe yosunga na yogulitsa, na nkhunzi yoyenera kukwera."

A Jenala anamva ngati mphasa ikusuntha.

"Nanga maina a anthu?"

Funsolo linatuluka lokha. Mavis anatembenuka kuwayang'ana. Twaambo sanazindikire kanthu, anangoyankha.

"Ng'ombe za kumudzi zilibe manambala kukhutu. Ndiye anali kulemba dzina la mwini khola, pansi pake mtundu wa ng'ombe mu chizungu. Anayamba kalekale, nikalibe kubwera ine. Vinali ku labu, koma na malaiti aya ovuta firiji ya kuja inayamba kusungunuka. Anati nivisunge kunyumba, kuli sola."

A Jenala ankamuona ndithu Dingani akabwera ndi anzake, atavala majombo, akulowa m'khola ndi bambo ake. Koma kwawo kwa a Jenala mkazi salowa m'khola. Ankaonera patali ali pamtondo, ng'ombe itagwidwa nyanga, mwana wawo atawerama pakhosi pake ndi jekeseni. Ankati akuzibaya mankhwala. Sanafunsepo kuti jekeseniyo ikulowetsa kapena ikutulutsa. Safunsa anadya phula, akulu ananena, koma phula lawo iwo linali lowawa kuposa pamenepo.

"Amai," anatero Mavis pang'onopang'ono. "Maina mwawadziwa bwanji?"

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa. A Jenala analoza ndi mutu kuseri kwa nkhokwe.

"Vili mu chimbudzi umo. Ninataya ine."

"Munataya."

"Ninaona magazi. Ninaona dzina la Abson, ninaona la atate ake. Anthu anali kukamba kale. Ninati nimubise."

"Mumubise ku chani?" Mavis sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Munaganiza kuti anapha atate ake? Dingani? Uja anali kunidzutsa usiku ati tiwatumizire amai ya feteleza? Ednah akambe, ni Ednah. Koma imwe munamubala mweka."

A Jenala anaweramitsa mutu.

"Ndiye chifukwa simunalire," anatero Mavis. Anaimirira, nakutumula chitenje, n'kukakhala m'galimoto chitseko chili chotsegula.

Twaambo anatsala pamphasa, akuzula ulusi wa m'mphepete mwake. Anali mwana ndithu, ukamuyang'ana pafupi. Maphunziro ake onse anali m'timabotolo timeneto, ndipo a Jenala anaziona pankhope pake asananene.

"Sitingavuule?" anafunsa a Jenala. "Ningaitane anyamata agumule."

"Vinaonongeka kale, ambuya. Vifuna kuzizira." Anapumira m'mwamba. "Koma ng'ombe ya ba Sakala ikaliko? Ija ya mawanga, ya nyanga imodzi yoyang'ana pansi. Ba Dokota anali kuitcha ba hedimasitala, ati matenda anapita katatu mu khola, yeve osagwa. Ija ndiye inali yofunika kupambana zonse. Ningatengeko magazi ena."

A Jenala anatseka maso.

"Ndiye tinapha pa maliro."

Twaambo anaseka kaphwete kakang'ono kopanda chimwemwe.

"Ninadyako," anatero. "Ninapempha na ina."

Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sunakanatha kudziwa ngati akuseka kapena akulira. A Jenala anatambasula dzanja kuti amugwire, n'kulibweza. Galimoto itachoka, mbale za chakudya zili chivundikire, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anthu a nyumba zoyandikana anamva kulira kwa maliro masana dzuwa lili pamutu, ndipo ena anathamanga kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Sabata yotsatira anapempha mwana wa mnansi kuti awaimbire foni kwa Mavis. Mavis sanalankhule zambiri, koma nambala ya Twaambo anapereka.

"Madzi akatayika saoleka, nidziwa," anatero a Jenala pa foniyo. "Koma chitsime ukhoza kubwererako. Maina aja niwakumbuka. Makomo awo niwadziwa onse. Iwe weka sazakulola, ndiwe mlendo, ndiponso mkazi. Bwera, nikuperekeze."

Twaambo anabwera pa minibasi ndi kabokosi kabuluu kosungira zozizira, ndi majombo aakulu amene a Jenala anawazindikira kuti ndi a Dingani. Anayamba m'mamawa mame asanaume, agogo patsogolo ndi ndodo, mtsikana pambuyo.

Koma chilala cha chaka chija chinali chitadutsa kale m'makola. Kwa mkulu wa mpingo anapeza mbuzi zokha. Mwini chigayo anati ng'ombe zake anagulitsa zisanafe ndi njala, n'kugula injini ina. Pena anapeza ziwiri, koma zinali zogula chatsopano kuchokera ku Mumbwa, zosadziwa chigodola cha kuno. Pakhomo limodzi lokha ndi pamene anapeza nkhalamba ya ng'ombe imene Twaambo anaizindikira. Mwini wake anakanakana, akuti mkazi m'khola ng'ombe zimapoloza. A Jenala anamuuza kuti aitulutse panja, ndipo anagwira chingwe okha mtsikanayo akufufuza mtsempha pakhosi. Kabotolo kamodzi. M'kabokosi kabuluu kankangogubuduka kokha.

Kwa amake Boyd anafika dzuwa litapendeka. A Jenala akanakonda kudutsa, koma dzina la Abson ndi limene linali loyamba. Mayiyo anawalandira ndi chimwemwe cha munthu amene wakhala yekha nthawi yaitali.

"Amake Dingani, mwasowa. Ninati kapena ninakulakwirani. Pa mjigo munithawa monga nili na nkhongole yanu."

"Maliro, anzanga. Mutu unasokonezeka."

"Nidziwa, nidziwa. Uyu ni mpongozi wina?"

"Ni mwana wa sukulu wa Dingani. Afuna kuona ng'ombe."

Amake Boyd anaseka, n'kuwatsogolera kuseri kwa nyumba. Mitengo ya khola inali chiimire, koma m'kati munali mutayanga maungu, masamba aakulu ngati mbale, obiriwira bii chifukwa cha ndowe zakale.

"Ng'ombe zanga ni izi. Zina chilala, zotsala Boyd anapereka kwa a mabuchala. Manje nidya chibwabwa, sichifuna dibi." Anatembenukira kwa Twaambo. "Aphunzitsi ako anali kulowa umu na nsapato za ofesi akaiwala majombo. Apita ku galimoto anunkha ndowe, aseka chabe."

"Simunaope?" anafunsa a Jenala. Mawu anatuluka aang'ono. "Pamene anali kutenga magazi."

"Anthu anakamba, kodi anthu alephera? Anabwera kuno kwa atate ake Boyd, ati musalole, lero magazi a ng'ombe, mailo anu. Atate ake Boyd anawathamangitsa. Anati, imwe, uyu mwana nimudziwa mai wake. Wokulira m'manja mwa Jenala sangachite choipa, olo munionetse na maso." Anawerama n'kuyamba kuthyola nsonga za maungu. "Ndiye tonse tinalola chifukwa cha imwe. Tengani ndiwo, musapite manja chabe."

A Jenala analandira masambawo ndi manja awiri. Anayang'ana m'khola muja nthawi yaitali, mpaka Twaambo anawagwira pachigongono.

"Ambuya, mwalema. Tibwerere, tizapitiliza mailo."

"Kwatsala kwa Chabala, kuseri kwa phiri. Anali na zambiri."

"Ni kutali."

"Nipase ako."

Anapinda chitenje n'kupanga nkhata, n'kusenza kabokosi kabuluu kaja. Kanali kopepuka ngati mulibe kanthu. Koma njira yonse yokwera phiri anayenda khosi lili chilili, phazi limodzi pambuyo pa linzake, ngati asenza mtsuko wodzaza mpaka pakamwa.